Mwana wanga amamva poyang'ana milomo, mphunzitsi wake amakulunga pakamwa

Zainabu wanga wakhala miyezi iwiri m'kalasi ya sayansi osamva ngakhale liwu limodzi. Ine ndadziwa dzulo. Palibe amene anandiuza. Ndinachita kudzionera ndekha pawindo.

Anthu a Lichinga, werengani mpaka kumapeto. Ine si munthu wolalata. Kuno ku Assumane amandidziwa, nkhuku za anansi zikamatola nyemba zanga pamphasa ndimangoziingitsa, osanena kanthu. Koma izi zandikwana.

Zainabu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chaka chatha anadwala malungo aakulu. Iye anachira, makutu sanachire. Lamanzere linatsekeratu, lamanja limamva pang'ono ukafuulira pafupi. Koma mwanayu ndi wochenjera. Anadziphunzitsa kuyang'ana milomo. Ukamuyang'ana nkhope n'kulankhula mosathamanga amamva zonse, Chinyanja ndi Chipwitikizi chomwe. Ukangotembenuka, basi, wamuzimitsira wailesi.

Kusukulu kwake ana anali odzaza chipinda, iye ankabwerako akulira. Ine ndi bambo ake tinamuchotsa kuti aziphunzira pakhomo, mayeso a kalasi yachisanu ndi chimodzi akalembe mu Novembala ngati wophunzira wakunja.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu. Masamu timathana nawo, pajatu ndimagulitsa nyemba ndi kachewere. Sayansi nayo tinaiyamba bwino. Tinadzala nyemba m'zitini ziwiri, china padzuwa, china pansi pa bedi. Ya pansi pa bedi inamera yoyera, yaitali, yolobodoka, Zainabu n'kuseka kuti ikufanana ndi amalume ake. Tinawiritsa madzi n'kuona madontho pachivundikiro. Zimenezo ndinkazitha.

Kenaka tinafika pamutu wa mtima ndi magazi. Mawu aataliatali a Chipwitikizi. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mama, magazi akachoka mumtima amayamba apita kuti?"

Ndinati, "M'thupi."

Tonse awiri tinadziwa kuti nzeru zanga zathera pomwepo.

Ndiye ndinapita ku Sanjala, pamalo ena a esipilikasau, aja ophunzitsa ana mwapadera. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Mu ofesi ndinapeza mayi mmodzi, aliyense amangowatchula kuti Dona. Ndinawafunsa funso lolunjika: kodi mwanayu apitirize yekha ndi buku, ndizingobwera naye akakhala ndi mafunso, kapena alowe m'gulu? Za makutu ndinafotokoza. Ndinabwerezanso. Mpaka ndinatembenuza Zainabu kuti ayang'ane kukhoma, ndinamuitana, sanatembenuke. Dona anaona ndi maso awo.

Anati sayansi si nyimbo yoti mwana n'kuloweza yekha pamkeka. Anati sayansi imafuna gulu, ana azifunsana, azigwira zinthu. Anandilozera kabati yagalasi ya m'kalasimo, muli timabotolo ndi chidole cha munthu chooneka mtima ndi mapapo. Zainabu atachiona chidolecho maso ake anawala.

"Makutuwo si nkhani, mama," anatero Dona. "Akhala kutsogolo penipeni. A pulofesoli, aphunzitsi akewo, ndiwauza ndekha. Inu musamamusokonezenso kunyumba, sayansi tisiyireni ife."

Ndinalipira. Ndinawasiyira.

Bambo ake amayendetsa mota, njinga yamoto ija, ndiye m'mamawa ankayamba kukamutula asanayambe kunyamula anthu. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno mukukudziwa, mwana atafunda kapulana, chitenje chija, pamwamba pa juzi, manja ali gwa. Koma ankabwerako akusekerera. Mnzanga Lurdes wati chakuti, mnzanga Lurdes wandigawira chakuti. Ndikamufunsa kuti mwaphunzira chiyani, ankati, "Zabwino, Mama." Ine mtima pansi.

Dzulo anaiwala botolo lake la tiyi. Ndinati mwana asafe ndi mphepo, ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kukam'patsa. Sindinafune kusokoneza kalasi, ndinaima pawindo lina lopanda galasi.

Mphunzitsi anali atakulunga mpango waubweya kuyambira m'khosi mpaka pamphuno. Pankangooneka maso. Sanali kutsogolo ayi. Ankayendayenda kumbuyo kwa ana, buku m'manja, akuwerenga, ana akulemba mitu ili pansi.

Nanga Zainabu? Benchi yomaliza, kukhoma. Mutu wake ukutsata mphunzitsi, uku ndi uku, kuyang'ana mpango uja ngati mwina uvuka. Kenaka n'kuwerama, kukopera zimene Lurdes walemba. Kabati ija inali yokhoma, fumbi lili mbuu pagalasi, chidole chili momwemo.

Ndinadikira mpaka atatuluka.

Ndinati, "Pepani a pulofesoli, kodi munauzidwa za mwana wangayu?"

Anatsitsa mpango. "Uti? Wachete uja? Ameneyo ndiye wabwino, mama, savuta m'pang'ono pomwe."

Savuta! Angavute bwanji munthu amene sakumva?

Nditawafotokozera anadabwa zenizeni. Anati palibe anawauza. Ndinafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani ali kumbuyo. Anati pamenepo ana amakhala potengera msinkhu, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, ndi mmene amachitira kuyambira kale. Zainabu ndi wamtali, anatengera bambo ake. Ndiye kuti mwana wanga wataya miyezi iwiri chifukwa cha kutalika.

Ndinawapempha mwaulemu kuti aziima kutsogolo, mpango auchotse pakamwa. Anati windo lilibe galasi, kodi ndikufuna adwale chifuwa chifukwa cha mwana mmodzi? Anatinso akaima kutsogolo, akumbuyo amayamba kusewera.

Ndinalowa mu ofesi. Dona anali pafoni. Ndinadikira. Atamaliza anandifunsa kuti, "Kodi za makutuzo munanena, mama?"

Ndinati, "Dona, si inu munaona ndikumuitana atayang'ana kukhoma?"

Anati mwina ndinauza mnzawo. Mnzawo uti? Mu ofesimo muli mpando umodzi! Ndinafunsa za kabati. Anati kiyi ali ndi adirekitala, akulu a pamalopo, adirekitala ali ku Nampula. Abwera liti? Sakudziwa.

Kenaka anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni, n'kunena kuti, "Koma kunena zoona mama, ana oterewa amayenera kuphunzira okha kunyumba. Gulu si lawo."

Pakamwa pomwepo! Pakamwa pamene panandiuza kuti sayansi si nyimbo ya pamkeka! Dona, nzeru imeneyi yakubwererani liti? Tsiku lija inali ku Nampula nayonso?

Titafika kunyumba ndinakhazika Zainabu patsogolo panga, nkhope ndi nkhope. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuze. Anandiyankha akuseweretsa nsonga ya kapulana.

"Mukanandichotsa, Mama. Kunyumba kuno ndimangolankhula ndi inu nokha."

Ndinalowa kuchipinda kuti asandione.

Nditatuluka ndinamufunsa funso lake lija, lakuti magazi akachoka mumtima amayamba apita kuti. Ananditchulira mawu onse a Chipwitikizi, bwinobwino, mmene anawakopera. Ndinati tsopano ndiuze m'Chinyanja. Anayang'ana pansi. Sakudziwa. Tili pomwe tinali paja, koma Novembala wayandikira.

Mundimvetse chimene chikundiopsa. Azakhali ake anayamba kale kunena kuti mwana wosamva sukulu n'njachiyani, angophunzira kusoka. Bambo ake anandilola kuyesa chaka chimodzi chokha. Akalephera mayeso awa, pakhomo pano palibenso amene adzandimvere. Mwana amene ankafuna kudziwa kumene magazi amapita adzathera pamakina osokera, osati chifukwa cha makutu, koma chifukwa cha mpango ndi benchi.

Tsopano ndisankhe chiyani? Ndikamusunga pakhomo, amandimva koma ine ndilibe choti ndimuuze. Ndikamutumiza kugulu, ali ndi Lurdes koma samva kanthu. Inu amene munaphunzira, ndiuzeni, mayi asankhe chiti pamenepa?

Eni malo a ku Sanjala, ndiyankheni. Uthenga wochoka mu ofesi kukafika m'kalasi, chitseko chimodzi chokha, unasochera pati? Mphunzitsi amakhala bwanji miyezi iwiri ndi mwana osamufunsa funso ngakhale limodzi? Chidole chija ndi cha ana kapena ndi chokopera makolo?

Makolo anzanga, musakhutire ndi "zabwino, Mama". Pitani mukaime pawindo. Osanena kuti mukubwera.

Ndipo ngati alipo wina, kaya namwino, kaya mwana wa sekondale, amene amadziwa za mtima ndi magazi ndipo angathe kulankhula atayang'ana mwana kumaso, ndilembereni pansipa. Ndilibe zambiri, koma nyemba ndi kachewere simudzagula. Lurdes nayenso abwere, malo pamkeka alipo.

Zainabu wayala kale zovala zake za mawa pampando. Wandifunsa ngati akupita. Ndamuyang'ana kumaso ndipo ndamuuza kuti inde, tikupita tonse.

Dona, mawa mundiona. Ndikubwera ndi mpando wa kunyumba kwanga, ndidzauika kutsogolo penipeni, pamene munalonjeza paja. Ndikubweranso ndi mbaula ndi makala anga, ndidzayatsa ndekha pafupi ndi bolodi kuti a pulofesoli asadwale chifuwa. Kiyi wa kabati akhale ku Nampula, zilibe kanthu. Ine ndikupempha chinthu chimodzi chokha, chimene sichifuna kiyi.

Mwana wanga aone pakamwa pa mphunzitsi wake.