Kope la Achemwali Anga

Loweruka m'mawa ndinagula mandasi ku Kawale, atakulungidwa m'pepala la kope. Mafuta anali atalowerera m'zilembo. Ndinakumbukira achemwali anga, a Tiyamike, amene lero amachita masewero pa TV, amalemba mabuku, ndipo anamanga nyumba yampanda ku Area 47.

Tili ana, amayi ankagulitsa mandasi. Tsiku lina mapepala okulungira atatha, anandituma kukasaka ena. Ndinapeza kope la achemwali pansi pa mphasa. Munalibe inki yofiira ya aphunzitsi, ndiye ndinaliyesa lopanda ntchito. Ndinaling'amba lonse.

Linali sewero lawo loyamba.

"Iwe Yohane, anthu anga onse wawagulitsa?" anafunsa achemwali akulira. Ine ndinangoseka.

Lero anzanga amandifunsa za chuma cha achemwali. Sindiwauza kuti mabuku awo ndimagula m'sitolo ngati mlendo, ndipo sindinapepesebe.