Kapu ya Madzi ku Ngala

Ndikulemba nkhaniyi pofuna kudziwitsa abale, pamodzi ndi ena onse amene angaiwerenge, za ulendo umene ndinayenda, mbali yaikulu pansi, m'nyengo ya dzinja, kuchokera kwathu kwa Malengachanzi mpaka ku Ngala. Cholinga chake chinali kukafunsira ukwati Limbikani, mwana wa mlongo wanga. Tsiku loyamba limene akuchikazi anatipatsa tinalephera kufika, pa chifukwa chakuti mayi akunyumba kwanga, Nambewe, anamwalira ndi kolera. Patapita chaka anatipatsa tsiku lina, Loweruka, ndipo ananenetsa kuti tikalepheranso nkhaniyo ithera pomwepo.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa, ine ndi msuweni wanga Yohane. Banja linasankha iyeyo kuti akakhale wolankhula, popeza ine pakamwa panga mpolemera. M'chikwama ndinatenga botolo lalikulu lamadzi, kabotolo ka klorini kamene anandipatsa mlangizi wa zaumoyo, komanso duku loyera la malemu, limene ndimasefera madzi. Chiikire maliro aja sindinamwepo madzi osathira mankhwala kapena osawiritsa, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ulendowu susintha zimenezo.

"Msuweni, mwanyamula chipatala chonse," anatero Yohane. "Bedi lokha ndiye mwaiwala."

Minibasi imene tinakwera pa boma inatitsitsa tisanafike pa mtsinje wa Bua. Dalaivala anatifotokozera kuti kutsogolo madzi adula msewu m'malo angapo, choncho galimoto sizikupitirira. Mtengo wokha anatilipiritsa wonse, ngati watifikitsa ku Dwangwa. Pamalo oyamba odukawo tinaoloka pa bwato. Tili pakati, mwini bwatoyo anatunga madzi ofiira ndi dzanja n'kumwa. Ataona kuti ndikumuyang'ana anati, "Ife tinakulira omwewa, bambo." Nambewe nayenso anakulira madzi a mtundu womwewo.

Dzuwa litafika pamutu, madzi amene ndinachoka nawo kunyumba anatha. Mjigo umene tinaupeza unali utamira mpaka pa chogwirira. Mayi wina amene ankazula udzu m'munda wa mpunga anatilozera kamtsinje, koma anatichenjeza kuti kumtunda zimbudzi zambiri zinagumuka ndi mvula. Ndinabwereka ndowa yake, ndinatunga, n'kudikira kuti matope akhale pansi. Kenako ndinasefa ndi duku lija lopinda kanayi, ndinathira klorini monga mwa malangizo, n'kutseka botolo. Malangizowo amati munthu adikire theka la ola asanamwe, ndipo pamenepa ndi pamene panavuta.

"Khosi langa silidziwa za theka la ola," anatero Yohane. Anatsikira kumtsinje, anagwada, namwa ndi manja onse awiri. Atabwerako anakhala pambali panga, akudya chinangwa chowotcha chimene mayi uja anatigawira, nandifunsa ngati madzi anga apsa.

Tinagona kwa mkulu wa mpingo wina amene anatilandira mwaulemu. Lachisanu tinalawira. Njira inadutsa m'mphepete mwa minda ya nzimbe, yaitali ndi yopanda mthunzi, ndipo matope ankagwira nsapato. Pa Dwangwa tinadya mpunga ndi usipa, ndipo ndinapempha mwini malo odyerawo kuti andidzazire botolo ndi madzi a m'ketulo. Yohane sanamalize mbale yake. Titangotuluka m'tauni, m'dera la Kanyenda, anayamba kupatukira kutchire pafupipafupi, ndipo nthabwala zinamuthera. Maso ake atayamba kulowa m'kati, ndinakumbukira nkhope ya Nambewe imene ndinaiona chaka chatha. Ndinamupangira madzi a mchere ndi shuga m'botolo langa, n'kumukweza kabaza kupita ku chipatala chaching'ono chapafupi, ine ndikutsatira pambuyo. Achipatala anati si kolera, koma anamuletsa kuyenda.

"Pitani nokha, msuweni," anatero atagona pa benchi. "Mukangolankhula monga mumalembera makalata anu aja. Akatopa avomera."

Loweruka dzuwa lisanatenthe ndinafika ku Ngala ndili ndekha. Polowa m'mudzimo ndinadutsa pa chitsime chawo. Ndinaona kuti zinyalala zimene madzi osefukira anakokolola zinali zitatsakamira pakamwa pake penipeni, ndipo amayi ankatunga pomwepo.

Anandikhazika pampando pansi pa mtengo wa mango. Moyang'anana nane munali a Chirwa, amalume a mtsikanayo, munthu wamkulu wa mawu ochepa, ndipo amayi anakhala pa mphasa chapatali. Titapatsana moni, mtsikanayo, dzina lake Esinati, anatuluka m'nyumba ndi jagi ndi kapu, nagwada patsogolo panga. Owerenga ayenera kumvetsa kuti pa tsiku lotere madziwa si a ludzu lokha. Mtsikana amawabweretsa yekha kuti akuchimuna amuone, ndipo mlendo akawakana, onse amaona ngati wakana mwana wawo. Ndinayang'ana kapuyo. Madzi anali oyera ndithu pooneka ndi maso.

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, koma sindinamwe. Ndinapempha jagi ija, ndinathira madziwo m'botolo langa limene ndimadziwa muyezo wake, n'kutulutsa kabotolo ka klorini. Esinati anatsala chigwadire, maso ali pansi.

"Kodi bambo," anatero a Chirwa mosakweza mawu, "madzi a pakhomo pano mwawaona chiyani? Kapena mwamva kuti kuno timadyetsa alendo chiphe?"

Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndipo ndinayankha motere: "Akuluakulu, ndikupempha kuti mundimve. Khomo lino sindikulikayikira, ndipo mwanayu ndamuona, ndi waulemu. Koma mayi akunyumba kwanga anamwa madzi a pachitsime m'nyengo ngati ino, oyera ngati omwewa, operekedwa ndi m'bale wawo weniweni. Tsiku lotsatira tinawaika. Mnzanga amene anayenera kulankhula pano ali gone ku chipatala chifukwa cha madzi a m'njira. Ngati ndalakwa, mlandu ukhale wanga, osati wa Limbikani."

A Chirwa anafunsa kuti mankhwalawo amafuna nthawi yaitali bwanji, ndipo ndinawauza. Anauza Esinati kuti adzuke. "Ndiye fotokozani chimene mwadzera, madziwo azipsa," anatero. "Koma yankho langa lidikira kapuyo."

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: mtundu wathu, ntchito ya mnyamatayo, ndi munda umene ali nawo. Iwo ankangomvetsera. Nthawi itakwana ndinathira madzi m'kapu, ndipo mwaulemu ndinawapatsira a Chirwa. Iwo anakweza dzanja kukana.

"Kwathu kuno, wopereka chakumwa ndiye amayamba kulawa, kuti mlendo asaope. Lero amene wathira kanthu m'madzimu ndi inu. Yambani ndinu."

Ndinamwa theka. Iwo analandira kapuyo, anainunkhiza, namwa otsalawo mpaka kutha. Anakwinya nkhope.

"Akununkha chipatala," anatero, ndipo kumphasa kuja wina anaseka chapansipansi. "Esinati, bwera udzatenge kapu ya apongozi ako."

Ndi mawu amenewo nkhani inatha, ndipo tsiku la chinkhoswe linatchulidwa tisanadye. Potsanzikana, amayi ake a Esinati anandiperekeza mpaka pa chitsime chija, nandifunsa motsitsa mawu kuti pa ndowa yodzaza amathira klorini wochuluka bwanji. Ndinawafotokozera, ndipo kabotoloko ndinawasiyira. Pobwerera ndinadalira madzi owiritsa opempha m'makomo, ndipo Yohane, amene ndinamupeza atapezako bwino, anadikira kuti azizire popanda kudandaula.

Pomaliza, ndikufuna kunena chimene ndinaphunzira, kuti chithandize ena oyenda maulendo otere. Kusefa ndi kuthira mankhwala pa mtsinje n'kosavuta, chifukwa mtsinje sukhumudwa. Povuta ndi pakhomo pa munthu amene wakupatsa madzi ndi mtima wake wonse. Pamenepo woyenda afotokoze chifukwa chake poyera, ndipo akhale woyamba kumwa. Duku la Nambewe ndinalichapa titafika, ndipo ndalisunga m'chikwama momwemo, kudikira ulendo wa chinkhoswe.