Tsiku Limene Ndinaponda Masamba a Maliro Ndili Panjinga

Ndikudziwa kuti ena nkhaniyi munaimva kale pabawo ndi m'maminibasi, aliyense atawonjezeramo zake, wina akuti njinga yanga inkayendera mankhwala, wina akuti ndinali nditaledzera dzuwa lili paliwombo. Mabodza okhaokha. Mowa ndinasiya ana anga asanayambe sukulu, ndipo zimene ndikulemba panozi zinachitikadi. Wokayika abwere adzagwire phewa langa lakumanzereli, adzamva yekha pomwe fupa linalumikizana mokhota.

Ine ndimagwira ntchito yoyeza matabwa pamalo ena ochekera paini m'munsi mwa phiri la Dedza, koma kwathu ndi cha ku Bembeke, ndiye amene mumadziwa zitunda za kuno mukudziwa kuti munthu wa bondo lovuta ngati ine amafika pantchito atatha kale. Njinga yanga inali ija yapakaunjika yopinda pakati, timatayala ngati mbale zandiwo. Anzanga ankandiseka kuti ndalanda njinga ya mwana wa kumkaka, koma ine ndinkaikonda chifukwa mvula ikavuta ndinkangoipinda n'kukwera nayo minibasi, pomwe iwo ankanyowa ndi zinjinga zawozo.

Zaka zingapo zapitazo mng'ono wanga wa ku Joni, atamva za bondo langa, ananditumizira kamota kamagetsi koika panjinga. Si kaja kolowa m'kati mwa wilo ayi. Aka kamakhala pamwamba pa tayala lakumbuyo, kali ndi kagudumu kokhakhala ngati mwala wonolera, kamene kamakhuza tayala n'kumalikankha. Pamodzi ndi iko panali batire yomangirira kunsi kwa chishalo, kabatani kapahandulo kokankha ndi chala chachikulu, ndi kabuku ka Chingerezi. Kabukuko ndinawerenga konse, Fomu 4 ndinamaliza ine, ndipo kanalemba poyera kuti ukasiya kabatani mota imazima, kagudumu n'kudzuka kusiya tayala.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kumvera mayi a kunyumba, omwe anaumirira kuti ntchitoyi ndipatse achimwene awo, alamu anga, amene amakonza njinga pamsika. Nditawatambasulira kabuku kaja anakakankha ndi sipanala, amvekere mapepala ndi a anthu opanda manja, iwo anayamba kumanga masipokosi ine ndisanadziwe kuvala kabudula. Ataona kuti chitsulo chogwira mota chikukanika kukhala pakanjinga kakang'ono chotere, anangomasula buleki yakumbuyo n'kuiponya m'bokosi lawo la zitsulo. Ndinakalipa mpaka ogulitsa kabichi anatembenuka, koma iwo anangoseka n'kunena kuti kanjinga ngati aka ngakhale chidendene chikhoza kukaimitsa, buleki ziwiri n'zachiyani ngati ndi lole? Patapita masiku atatu ndinabwerera kukadandaula kuti kukagwa mawawa kagudumu kamaterereka patayala lonyowa. Mankhwala awo mukuwadziwa kale, ndi omwe tonse kuno timathamangira: anadula malegeni kuchubu chakale n'kukulunga mota ija zolimba kuti kagudumu kazikanirira patayala usana ndi usiku, osadzukanso.

Sindinama, kwa masabata awiri ndinasangalala. Ndinkadutsa anyamata a kabaza pachitunda osapalasa n'komwe, iwo akutuluka thukuta, akundikuwiza kuti madala agula ndege.

Tsiku lake linali Loweruka m'mwezi wa Julaye, titaweruka masana. Kunali chifunga choti munthu ali pamtunda wa mayadi makumi awiri sumuona, mawawa akugwa, chisanu cholowa m'mafupa chija. Panjira ya kwathu pali chitunda chachitali, ndipo kuti ukwere umayenera kukanikiza kabatani kaja osasiya. Ndisanafike pakati chala chinali chitachita dzanzi. Ndiye ndinaima, ndinamasula kalegeni kamene ndimamangira jekete pakaliyala, ndinakulunga kabatani kaja katakanikizika mpaka kumapeto, n'kumanga mfundo ziwiri. Ndinkadziona wanzeru, anthu inu. Ndinakwera chitunda chonse dzanja limodzi lili m'thumba, kwinaku ndikuimba kamluzu.

Pamwamba pa chitundacho msewu umayamba kutsetsereka nthawi yomweyo. Ndinatulutsa dzanja kuti ndimasule mfundo, koma mphira yonyowa inali itakokana, zala zanga ngati zamtengo. Ndinakanda ndi chikhadabo, osatheka. Swichi ya batire inali kumbuyo kunsi kwa chishalo, ndipo nditayesa kupisako dzanja kanjinga kanayamba kuvina uku ndi uku, timatayala tija sitifuna masewera. Ndinagwira buleki yakutsogolo, inangolira pa limu lonyowa, ndikakanikiza kwambiri kumbuyo kumanyamuka kufuna kundiponya chamutu. Buleki yakumbuyo, dzanja langa linkaifuna lokha, koma inali m'bokosi la alamu pamsika. Chidendene ankanena alamu chija ndinachiyesa, nsapato inavuka n'kutsala m'mbuyo.

Apa m'pomwe ndinaona masamba atayalidwa modutsa msewu. Ndani kuno sadziwa? Pamasamba a maliro umatsika panjinga, umavula chipewa, umayenda chokankha mpaka utadutsa masamba enawo. Ine amene ndinamenyapo mwana wanga khofi chifukwa chodutsa pasiwa akuthamanga, ndinawaponda masamba aja ndili pachishalo, chipewa chaubweya chili kumutu, mota ikulira ngati chigayo. Kenako m'chifunga muja ndinamva nyimbo, ndipo mtima unandiuza ndisanaone kuti anthu anyamuka kale ulendo wa kumanda ndipo ali mumsewu momwemu.

Anatulukira ngati mithunzi, msewu wonse wodzaza, amayi atafunda zitenje, ndipo pakati pawo bokosi lili pamapewa a amuna. Ndinakuwa kuti apatuke, koma mawu a munthu mmodzi angapose nyimbo ya khamu? Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona nsalu yoyera imene inali pabokosi lija ikukula, ikubwera. Ndinadziwa kuti ndikalowa pakati pawo ndithyola miyendo ya munthu, ndipo bokosi ligwa pansi, malemu agubuduzika m'matope pamaso pa ana awo. Chinthu chotero mudzi sungakukhululukire, ngakhale iwe mwini sungadzikhululukire. Ndinakhotetsa handulo kumanzere, ndinalumpha ngalande, n'kulowa m'munda wa kachewere. Pamzere wachiwiri kachitsulo kotsekera pakati kanatseguka, njinga inadzipinda ndili pomwepo, inandipana mwendo, ndipo ndinamenyetsa phewa pansi mpaka ndinamva kuthyoka kwake m'makutu.

Mukuganiza kuti mantha anathera pomwepo? Nyimbo inaduka. Njinga inali gada pambali panga, tayala lakumbuyo likuzungulirabe lokha, likumwaza matope, likulira. Amayi ena anathawira m'chimanga chouma akunena kuti njinga yopanda munthu ikupalasa yokha, izi si zabwino pamaliro. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anandizungulira ndi makasu awo. Wina anafunsa ngati chipewacho chinamera kumutu, wina anati awa ndi mabwana a m'tauni oyesa maliro a kumudzi ndi msonkhano wa mbuzi, wina anangoti dzenje lilipo kale, kukulitsa sikuvuta. Ndinaona khasu litakwezedwa.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa mpango wakuda, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi mwana woyamba wa malemuwo. Sanakweze mawu. Anawauza anyamatawo kuti iye anali kutsogolo ndipo anaona ndi maso ake kuti bamboyu wadziponya yekha m'munda kuti asagunde bambo ake, ndiye amene akufuna kumenya munthu ayambe waika maliro amene anabwerera. Mmodzi wa adzukulu, wachikulire pang'ono, anawerama n'kuyang'anitsitsa njinga ija, anatulutsa mpeni, n'kudula kalegeni kapahandulo. Mota inazima pomwepo, kunangoti zii. Anakatola kamphira kaja, anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kundifunsa mwaulemu wolasa, akunditchula kuti achimwene, kuti kodi wanzeru amene anamanga apa ndani.

Dzina la alamu linali kale palilime. Buleki anachotsa ndi iwo, mota anamanga ndi iwo. Koma kamene kanali m'manja mwa munthu uja kanali kanga, mfundo zake ziwiri zomanga ine. Ndinavula chipewa ndi dzanja limene linkagwira ntchito, n'kuyankha kuti ndine.

Anandisiya ndi amuna awiri amene anandiperekeza kuchipatala, mwambo n'kupitirira. Nditachira ndinabwerera kumudziko ndi nkhuku kukapepesa, ndipo anandilandira bwino kuposa mmene ndinkayenera. Koma alamu anga, imvani izi, anabwera kuchipatala ndi nthochi, osapepesa ngakhale pang'ono, amvekere vuto ndi kanjingako, kanachepa, ndiye poti ine ndachita nako mantha bwanji ndiwapatse motayo aike panjinga yawo yonyamulira makala. Akanakhala kuti si achimwene a mkazi wanga, nthochizo akanabwerera nazo kumaso. Mpaka pano timangopatsana moni wapamaliro ndi paukwati.

Zamankhwala zimene mumanenazo ine sindizikhulupirira, ndipo zimandipsetsa mtima chifukwa zimabisa chenicheni. Kamota kaja kanalibe mlandu, anakapanga kuti kazisiya munthu akasiya. Ndife tinakamanga kawiri, alamu kumbuyo, ine kutsogolo, chifukwa kuno chilichonse chikavuta timathamangira legeni, kaya ndi thumba la mbatata, kaya mpopi wodontha, kaya chitseko. Njinga ija ndinaikonzetsa kwina, buleki zonse ziwiri zilipo, ndipo kukagwa mawawa ndimazimitsa mota n'kupalasa ndi bondo langa lomweli. Inu amene abale akukutumizirani timamota timeneti, werengani kabukuko, ndipo wokonza akagwira buleki yanu kuti aichotse mulandeni njingayo, ngakhale akhale mlamu wanu. Chala chikazizira pachitunda, tsikani mukankhe. Kuseri kwa chitundacho simukudziwa amene anyamulidwa pamapewa.