Bolodi la tchesi pamwamba pa firiji

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene abambo anawatumiza kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe ku Washington. Tinkakhala awiriwiri pafulati ina ku Wheaton, poti amayi anatsala ku Zomba kudwazika mayi awo. Kusukulu ndinalibe mnzanga. Ndikati ndiyankhule, ana enawo ankandiuza kuti ndibwereze, mpaka ndinangosiya kutsegula pakamwa. Abambo nawonso sanali munthu wamacheza. Chokhacho chimene chinkatikhazika pamodzi chinali tchesi, Lamlungu masana tikachoka kutchalitchi.

Kasewero kathu kanali kachilendo. Abambo anali ndi buku lothothoka chikuto, lodzaza ndi masewero a akatswiri amene anafa kalekale. Ankaphimba tsamba ndi envelopu ya kalata ya amayi, n'kumaitsitsa mzere umodziumodzi. Tisanaone mmene katswiri anayendera, aliyense ankayenera kunena mmene iye akanayendera. Iwo ankayamba, ine n'kuyankha kuti, "Zoona, Adadi." Kwathu anandilera kuti kutsutsa munthu wamkulu ndi mwano. Koma patapita miyezi ndinayamba kuona zinthu zimene iwo sankaziona, ndipo ndinkangozimeza.

Lamlungu lina, kunja kukugwa chipale, tinafika pamasewero amene katswiri wosewera ndi tizidole toyera anatsala pang'ono kupambana. Abambo anati mfumukazi idye msilikali wa kumbali. Ine ndinaona kuti ikapita kumeneko, hatchi yakuda ilumpha n'kuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Ndinati, "Zoona, Adadi." Anatsitsa envelopu. Katswiri uja anayendadi choncho, ndipo wolemba buku anaikapo zizindikiro ziwiri za funso, kusonyeza kuti apa m'pamene munthuyo anatayira masewero.

Abambo sanachedwe pabukupo. Maso awo anali pa dzanja langa. Chala changa chinali chili kale pamutu pa hatchi yakuda ija, ine osadziwa.

"Tiya, unaziona izi?"

"Eee."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimaopa kuchita mwano."

"Unayamba liti zimenezi?"

"Kusanayambe kuzizira."

Abambo anati, "Ine ndimayesa tilipo awiri. Kani miyezi yonseyi ndakhala ndikusewera ndekha."

Anapinda bolodi n'kuliika pamwamba pa firiji. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Masabata atatu anadutsa. Iwo ankabwereza kuwerenga nyuzipepala zakale zochokera kumudzi, ine ndili pawindo kuyang'ana magalimoto okwiririka ndi chipale. M'nyumbamo munkangomveka kulira kwa hita yotenthetsa nyumba. Ndinasungulumwa kuposa kusukulu, ndipo ndinkaopa kuti ndawataya abambo anga tili m'nyumba imodzi.

Lamlungu lachinayi ndinakwera pampando n'kutsitsa bolodi lija. Ndinayala masewero ena a m'buku lomwelo, n'kuphimba tsamba. Abambo anabwera, anakhala pansi, ananena mmene akanayendera. Ndinalimba mtima.

"Ayi, Adadi. Apa mwalakwitsa."

Anavula magalasi, anapukuta, anayang'anitsitsa bolodi. Kenako anasuntha bishopu mmodzi amene ine ndinamuiwaliratu.

"Walakwitsa ndiwe, mayi," anatero, n'kuphulika chiseko chimene ndinali ndisanachimve chichokereni ku Zomba.

Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Ndinagonja, koma sindinakondwepo ndi kugonja ngati tsiku limenelo.

Abambo anatisiya zaka zapitazo. Buku lija ndili nalo, envelopu ya amayi ikadali m'kati. Tsopano ndikudziwa kuti kuvomereza chilichonse chimene munthu wanena n'kumusiya yekha, ngakhale utakhala naye patebulo limodzi. N'chifukwa chake ana anga akafulumira kunena kuti, "Zoona, Amayi," ine ndimayang'ana manja awo.