Anandikonzera Hotela ku Osaka

Mwana wanga wamwamuna anandiimbira foni ndili kumunda ndikukumba mtedza. Ndinayankha manja ali dothi lokhalokha. Anapita ku Japan kukaphunzira za makina, atamaliza anapeza ntchito mumzinda wa Osaka n'kukhazikika. Anakwatira konko mkazi wa kumeneko, ukwati umene ine ndinangoumva pa foni ngati uthenga wa pa wailesi. Kenako kunabadwa mwana wamkazi, amene pa nthawiyi n'kuti akuthamanga kale, koma ine ndinkangomudziwa pa zithunzi.

"Amayi, yambani kukonzeka," anatero. "Chaka chino mubwera kuno. Mudzakhala sabata yathunthu, ndidzakuonetsani mzinda wonse."

Za mzindazo zinalowa khutu ili n'kutulukira linali. Chimene ndinamva ine n'chakuti ndikagona m'nyumba ya mwana wanga ndipo ndikabereka mdzukulu wanga kumbuyo. Mwamuna wanga anamwalira asanaone zimenezi, choncho ndinaona ngati ndikaonera tonse awiri. Tsiku limenelo mtedza ndinausiya pamzere.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkakwera pa chulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira bwino kwathu kuno ku Kapondo, n'kumakonza naye ulendo. Kuno dzuwa lili paliwombo, kumeneko n'kuti anthu akudya mgonero. Choyamba tinakangana za mwezi. Iye anati nthawi yabwino ndi pamene masamba a mitengo amafiira. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kuno masamba akafiira n'kuyoyoka timatenga tsache, kumeneko anthu akuluakulu amakwera sitima kukawaona. Ndinavomera, koma ndinamuuza kuti mvula yobzalira isandipeze ndili kunja, chifukwa masamba ofiirawo sindidzadya.

Ankafotokoza bwino mwana uja, ngati mphunzitsi. Tsiku loyamba tikaona nyumba yachifumu yakalekale, yozunguliridwa ndi ngalande ya madzi ndi mpanda wa miyala ikuluikulu. Tsiku lina tikalowa m'nyumba imene amawetamo nsomba, ndipo anati muli ina yaitali kuposa minibasi. Tsiku linanso tikakwera sitima kupita ku tauni yoyandikana nayo kumene agwape amayenda pakati pa anthu n'kumadya m'manja mwawo. Ndinamufunsa ngati anthu a kumeneko sadziwa kuti gwape ndi ndiwo, iye n'kuseka. Anandiuzanso za msewu wodzaza ndi zakudya, kumene amakazinga kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambirimbiri. Ndinamuuza kuti ako adzadye yekha.

Ankandichenjezanso zambiri. Sitima zina zimayenda pansi pa nthaka, ndipo anthu amakhala ngati nyerere. "Mukadzanditaya, musadzayende kundifunafuna. Mudzaime pomwepo, ine ndidzabwerera." Anati kumeneko munthu amayenda pansi tsiku lonse, kukwera ndi kutsika masitepe, choncho ndipeze nsapato zofewa. Ndinazipeza pa kaunjika tsiku la msika pa Kamwendo, pamodzi ndi jekete lolemera ngati bulangete. Ndinasiya kukwera kabaza kuti miyendo izolowere, mpaka akabaza anayamba kundifunsa ngati anandilakwira. Pasipoti ndinakapangitsa ku Lilongwe, pa chithunzi chake ndinatuluka ngati munthu amene wangomva za maliro.

Koma chimene ndinalimbikira kwambiri si chimene iye ankaganiza. Tsiku lina anatchula kuti kumeneko munthu akamalowa m'nyumba amavula nsapato pakhomo. Ndinayang'ana mapazi anga. Zidendene za munthu wolima zili ndi ming'alu yoti mungabisemo njere ya chimanga. Ndinaganiza za asewere anga, makolo a mpongozi wanga, akundilandira pakhomo pawo n'kuona zimenezi. Ndinayamba kukwecha ndi mwala m'mawa uliwonse ndikamasamba, n'kumapaka mafuta. Ndinapitanso pa boda ya Mchinji kukagula zitenje zabwino kwa amayi amene amaoda ku Chipata, china cha mpongozi, china cha amayi ake, china choberekera mwana.

Nkhani ya hotela inatuluka mwangozi. Ankandifotokozera za tsiku lofika, kuti adzandichingamira ku bwalo la ndege, tidzakwera sitima, kenako tidzasiya katundu ku hotela.

"Ku hotela kukatani?"

"Kumene mudzagone, amayi. Ndapeza yabwino, ili pafupi ndi siteshoni."

Ndinakhala pansi pa chulu pomwepo. Ine chibadwire sindinagonepo malo olipira. Amene amagona m'maresitihausi timawadziwa, ndi madalaivala a mathiraki amene akudikira mapepala pa boda, anthu opanda wachibale m'deralo. Munthu amene ali ndi mwana wake m'mudzi sagona kumeneko, ngakhale nyumba itachepa bwanji. Ana amasamutsidwa, mphasa imayalidwa pabalaza, ena amakagona kukhitchini, koma mlendo amagona pakhomo.

"Nyumba za kuno n'zazing'ono," anatero.

"Mlendo ndi mame, mwanawe. Sabata imodzi nyumba siphulika. Iwe unakulira m'chipinda chimodzi ndi matumba a chimanga."

"Amayi, ku hotela mudzapuma bwino."

Ndinadula foni. Mtima wanga ndi wapachala, ndimadziwa, ndipo tsiku limenelo unapsa zenizeni. Mlandu wonse ndinaukankhira kwa mpongozi. Ndinati mtsikana ameneyu akuchita manyazi ndi apongozi a kumudzi, akuopa kuti ndikadetsa mipando yake, wauza mwamuna wake kuti akanditsekere kwina ngati mbuzi yobwereka. Ndinadandaula kwa achimwene anga, amene ndi malume ake a mwanayu ndiponso mwini mbumba pabanja pathu. Iwo ndi munthu wosapupuluma. Anandimvetsera akusema mpini, kenako anati mwina ndi mwambo wa kumeneko, ndidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti nkhonoyo ndaidikira zaka zokwanira.

Masabata angapo sindinakwere pa chulu. Foni ikalira ndinkaiyang'ana mpaka isiye. Koma zidendene sindinasiye kukwecha, ndipo zimenezi zinkandikwiyitsa kwambiri.

Nditayambanso kuyankha, iye anapitiriza ngati palibe chimene chinachitika. Anawonjezera kachisi wina wakale, nsanja yaitali yoonera mzinda wonse, ndi boti loyenda mumtsinje. Tsiku lililonse linali lodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinamusiya alankhule mpaka atope, kenako ndinafunsa funso limene linali pakhosi.

"Zonsezi ndamva. Nanga mdzukulu wanga ndidzakhala naye liti?"

"Loweruka masana. Tidzakumana naye ku paki."

"Masana okha?"

"Eya, amayi."

"Nsomba wazipatsa tsiku lonse. Agwape tsiku lonse. Mwana wa mwana wanga masana okha, ku paki, ngati tikukagulitsana nkhuku? Ngati mkazi wako sakundifuna, unene. Ine sindibwera. Ndalima chaka chonse osaona nsomba yaikulu ngati minibasi ndipo sindinadwale."

Ndinkayembekeza kuti andinyengerera monga mwa masiku onse. M'malo mwake anati, "Dikirani, ndiyatse vidiyo." Sankakonda kutero, ankati netiweki ya kwathu siingakwanitse, ndipo ine ndinkakhulupirira.

Nkhope yake inaoneka. Anali ataonda, masaya atalowa, tsitsi losameta. Anangotembenuza foni n'kuyamba kuyenda nayo pang'onopang'ono. Ndinaona chitseko, ndi nsapato za munthu mmodzi pakhomo. Ndinaona kasinki, kapu imodzi, mbale imodzi yovundikira. Matiresi opinda pakona, malaya atapachikidwa pa zenera. Atatembenuka kachiwiri tinali titabwerera pa chitseko chija. Nyumba yonse inali yomweyo. Munalibe chovala cha mkazi, munalibe chidole, munalibe kansapato ka mwana.

"Banja linatha chaka chatha," anatero. "Iye anabwerera kwa makolo ake ndi mwana. Anandilola kumuona kamodzi pa mwezi, Loweruka masana. Ulendo wanu ndinauika sabata imeneyo dala."

Ndinafuna kufunsa kuti chinachitika n'chiyani, analakwa ndani, bwanji sanauze malume ake kuti akambirane ndi akuchikazi. Koma akanakambirana ndi ndani, pa chilankhulo chiti? Ukwati umenewu unalibe ankhoswe. Unamangidwa ndi anthu awiri mu ofesi, ndipo unamasulidwa chimodzimodzi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mumasangalala mukamanena za ine kwa anthu. Ndimafuna mubwere, muone zinthu zokongola, mubwerere muli osangalala."

Ndiye nsomba zija, agwape aja, nsanja ndi boti, zonse zinali zonditopetsa kuti pofika madzulo ndisakhale ndi mphamvu zofunsa njira ya kunyumba. Mwana anakhala miyezi yonseyi akusankha malo okongola oti abisalemo. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chimwalirire bambo ake. Ndinalira pa chulu pomwepo, nkhuku zikundizungulira, iye akundiyang'ana pa foni osadziwa chochita.

Nditapukuta misozi ndinamuuza kuti hotela aisiye. Ndidzagona pa matiresiwo, iye adzagona pansi, ndipo ndidzamuphikira. Pamenepa sanatsutse. Koma anali ndi pempho lake, ndipo analinena akuyang'ana kumbali.

"Loweruka limenelo mayi ake a mwana adzakhalapo. Mwanayo sakudziwani, ndipo amaopa alendo. Musadzamunyamule pokhapokha abwere yekha. Musadzalire mokweza. Akadzalira n'kuthawa, mayi ake akhoza kunena kuti zokumanazi zikumusokoneza, ine n'kutaya ngakhale Loweruka lomwelo."

Ine amene ndabereka kumbuyo theka la ana a m'mudzi muno, amene amayi akamapita kuchigayo amandisiyira makanda popanda kupempha, ndinayenera kulonjeza kuti ndidzapinda manja pamaso pa magazi anga. Ndinalonjeza.

Madzulo ake ndinapita kwa achimwene. Ndinkafuna akwiye nane limodzi, anene kuti anthu a kumeneko ndi ouma mtima, alanda mwana wathu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu.

"Mlongo wanga, chachilendo n'chiyani pamenepa? Ana ndi a kuchikazi. Si mmene timachitira ife? Mkamwini banja likatha amanyamula bulangete lake n'kumapita, ana amatsala ndi mayi awo ndi malume awo. Ineyo ndaweruzapo milandu yotere kangati pakhonde pano? Iwe unkakhala pomwepo, unkavomereza."

Sananame. Ndawaona amuna ambiri akutuluka m'mudzi muno ndi kathumba pa njinga, ana awo ataima pakhomo. Sindinaganizepo za amayi awo a amuna amenewo, kuti kumene ali amamva bwanji zidzukulu zikamakula kutali osawadziwa. Kwa ife zinali zoyenera, ndipo mwina n'zoyeneradi. Kungoti mkamwini wa kuno akachotsedwa amapalasa njinga n'kukafika kwawo dzuwa lisanalowe, amayi ake n'kumutsegulira chitseko. Wanga akutsuka kapu imodzi kutsidya kwa nyanja.

Ulendo ulipobe, ndi mwezi wamawa. Anthu akandifunsa ndimati ndikukaona mzinda, ndipo amandisirira. Lamulungu lapitali ndinamupempha mwana wanga kuti za masitima azisiye, andiphunzitse mmene anthu a kumeneko amaperekera ulemu. Anati amawerama, manja ali m'mbali kapena kutsogolo, ndipo munthu amene ukumupempha chinthu chachikulu umamuweramira kwambiri, osafulumira kudzuka.

Kwathu kuno mpongozi ndiye amagwada pamaso pa apongozi ake, ndipo ine ndagwadiridwapo. Koma masana a Loweruka limenelo ali m'manja mwa mtsikana amene sindinamuonepo, wamng'ono kuposa mwana wanga wotsiriza. Akakondwera nane, mwina adzamukankhira mwanayo kwa ine. Akapanda kukondwera, ndidzangomuona akusewera patali. Choncho m'mawa uliwonse ndimapita kuseri kwa nkhokwe, kumene anthu sangandione, n'kumaphunzira kumuweramira. Msana umawawa podzuka, koma tsopano ndimatha kutsika ndithu.