Madzi a Pansi pa Mapazi a Apongozi

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula mu 2009, itatopa kale. Inali yoyera, kapena ndinene kuti inabadwa yoyera, ndipo inkagona pamsewu kutsogolo kwa fulati imene tinkakhala ku Berea, mumzinda wa Durban. Kuntchito sindinkapita nayo. Lesitilanti imene ndinkaphikako ku Morningside inali pafupi, ndinkangoyenda wapansi. Galimotoyo inkadzuka pa zifukwa ziwiri zokha: kutchalitchi Lamlungu, ndi kuchipatala kukaonetsa apongozi anga.

Apongoziwo, bambo a mkazi wanga, anabadwira ku Zimbabwe, makolo awo atachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu. Tinawatenga kuti azikhala nafe atadwala sitiroko, nthawi imene kwawoko mankhwala ankasowa ngakhale m'zipatala zazikulu. Mwendo wamanzere unatsala wolemera ndi wosamva bwino, koma mutu unali wakuthwa, pakamwa ndiye osanena. Anali munthu waukhondo wochititsa manyazi ife achinyamata. Nsapato ankapukuta okha, malaya ankapisira ngakhale patsiku lokhala pakhomo. M'galimoto malo awo anali kutsogolo, pambali panga, mkazi wanga kumbuyo.

Vuto linayamba chakumapeto kwa nyengo yozizira. Madzi a mu rediyeta ankatha. Ndikadzaza, tikapita ndi kubwera, ndinkapeza atsika, ine n'kuthiramo ena a pampopi. Ndinagwada, ndinagona chagada paphula, ndinayala makatoni pansi pa injini kuti ndione pamene pakudontha, koma makatoniwo ankakhala ouma gwa. Ndinafinya mapaipi onse, ndinasintha chitsekero cha rediyeta, ndinasuzumira pampu ya madzi. Anzanga a kuntchito, amene aliyense ndi makaniko bola galimoto isakhale yake, anati ndi gasiketi, injini ikumwera madziwo mkati. Ndinasolola kandodo ka oyilo kuti ndione ngati wasanduka tiyi wamkaka, koma anali wakuda bwinobwino. Utsi wa kumbuyo nawo sunali woyera. Ine mtima wanga ndi wapachala, moti galimotoyo ndinaitukwana m'zilankhulo zitatu.

Masiku omwewo m'nyumba munalowa nkhani ina, yosakambika. Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, mkazi wanga anandikokera kukhitchini.

"Mwaona masokosi a ababa?"

"Atani?"

"Anyowa. Thalauza nalonso m'munsimu. Tapitani mukagwire kapeti pamene amapondapo."

Ndinapita. Kapeti inali yonyowa, yofunda pang'ono, madzi ake achikasu chodera, ndi kafungo kotsekemera moipa. Apongozi analinso ndi matenda a shuga, ndipo tonse tinakula tikumva kuti mkodzo wa munthu wa shuga umatero. Mpando unali wouma, koma mkazi wanga anati zimatsika ndi mwendo wodwalawo, eni ake osamva. Ndinavomera. Banja likagwirizana kuti munthu wakalamba, chilichonse chimasanduka umboni. Lero ndimadabwa ndekha: munthu yemweyo amene ankasakasaka madzi otayika kunja kwa galimoto ankapukuta madzi mkati mwake, osafunsa kuti achokera kuti.

Nkhani yotere mkamwini sangaiyambe. Mwana wamkazi nayenso sangaiyambe kwa bambo ake. Choncho tinachita zimene anthu aulemu amachita, tinakhala chete n'kumagwira ntchito. Ine ndinkapukuta kapeti iwo akalowa m'nyumba, ngakhale ku Durban chinthu chikanyowa sichiuma msanga. Mkazi wanga ankatenga masokosi mwakachetechete n'kukawachapa paokha.

Koma apongozi sanali mwana. Masokosi awo ankawaona. Tsiku la ulendo ankalowa kuchimbudzi mobwerezabwereza tisananyamuke, pofika n'kupezabe mapazi anyowa. Ankatsika osayang'ana pansi, osayang'ananso ife. Nthabwala zinatha m'nyumba. Kenako madzulo ena tikudya, anaika supuni pansi.

"Akamwini, mundifunire basi ya ku Harare. Kutha kwa mwezi uno."

"Bambo, mukakhala ndi yani kumeneko? Nanga mankhwala?"

"Kachipinda kanga kalipo. Pali zina zimene munthu ayenera kuvutika nazo yekha, osati pamaso pa ana."

Mkazi wanga analira, anapempha, anaimbira foni achimwene ake, koma sizinathandize. Tonse tinkadziwa chimene chikuwathamangitsa, ndipo panalibe woti n'kuchitchula. Tinkadziwanso kuti akapita sabweranso. Munthu wa sitiroko ndi shuga, wokhala yekha, wopanda mapiritsi, sakhalitsa. Munthu ameneyu ndinkamukonda. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kanali koyamba kukhala ndi wina wondidzudzula kametedwe ka ndevu. Tikiti ndinagula ndithu, chifukwa anandiumiriza.

Sabata yomaliza ndinaganiza zoti galimoto isatichititse manyazi popita kokwerera basi. Ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Cato Manor, Mzulu wokonzera pansi pa mtengo wa mango. Nayenso anasuzumira paliponse osapeza kanthu.

"Eish, umathiramo chiyani muno?" anandifunsa.

"Madzi a pampopi."

"Ndiye uwaona bwanji? Madzi akadonthera pa injini yotentha amauma osasiya chizindikiro. Khuthula onsewa, ndi dzimbiri lokhalokha. Uthiremo antifirizi, mankhwala obiriwira aja a mu rediyeta, ukwere nayo mtunda itenthe, kenako usake pobiriwira. Sharp?"

Ndinachita zomwezo. Ndinakwera zitunda za Berea, kuzungulirazungulira mpaka singano ya kutentha inafika pakati, ndinaima pakhomo n'kutsegula boneti. Pobiriwira panalibe. Pansi panalibenso. Ndinatsegula chitseko cha kumanzere kuti nditenge nsanza yopukutira manja, n'kupeza kapeti ili biriwiri. Pansi pa dashibodi dontho linali kulendewera. Linagwa, n'kubwera lina.

Inali hita. Galimoto imakhala ndi karediyeta kena kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, kamene madzi otentha a injini amadutsamo kuti mkati muzifunda kukazizira. Ku Durban ndani amakumbuka hita? Ine batani lake sindinaligwirepo chiigulireni galimotoyo. Koma madzi ankadutsamobe, ndipo karediyetako kanali katabooka pamwamba penipeni pa mapazi a munthu wokhala kutsogolo. Chikasu chija linali dzimbiri, kafungo kaja kanali ka antifirizi wakale wotsalira m'mapaipi.

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinasangalala, ndinapsa mtima, kenako ndinazindikira kuti ntchito yovuta ikanalipo. Ndikawauza bwanji? Kunena kuti "Bambo, si inu" kunali kuulula kuti nthawi yonseyi tinkaganiza kuti ndi iwo.

Ndinakwera m'mwamba n'kuwapeza akupinda zovala m'sutikesi.

"Bambo, galimoto ija yandikanika. Maso anu ndi akuthwa, tandithandizeni kuyang'ana."

"Ine ndinali kondakitala wa basi, akamwini, osati makaniko."

"Kondakitala ndi amene amadziwa zonse za basi."

Anandiyang'ana m'mbali, koma anatenga ndodo yawo. Tinatsika pang'onopang'ono. Ndinawakhazika pampando wawo miyendo ili kunja, ndinayala thaulo loyera pa kapeti, ndinaliza injini. Sitinadikire nthawi yaitali. Madontho anayamba kugwa, thaulo n'kuyamba kubiriwira. Anawerama, anagwira ndi chala, ananunkhiza.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Kalekale, bambo. Madzi amene ndakhala ndikuwasaka miyezi yonseyi ndi omwewa. Kungoti kale analibe mtundu umenewu."

Chala chawo chinali chikadali m'mwamba, maso ali pa thaulo. Ndinatambasula dzanja kuti ndilichotse.

"Lisiyeni pompo. Itanani mkazi wanu."

Mkazi wanga anatsika manja ali thovu lokhalokha, chifukwa ankawachapira zovala za paulendo. Anayang'ana thaulo, anasuzumira pansi pa dashibodi, n'kudzigwira pakamwa. Misozi inangoti mbwembwembwe.

"Ukulira chiyani iwe?" anatero apongozi. "Yakalamba ndi galimoto ya amuna akoyi. Iyi ndiye muipatse tikiti ija ipite ku Harare."

Tinaseka pamsewu pomwepo mpaka anthu odutsa anatiyang'ana, ndipo tsiku limenelo sitinasamale kuti atimva tikulankhula chilankhulo chachilendo. Mkazi wanga anathamangira m'mwamba kukamasula sutikesi bambo ake asanasinthe maganizo. Ine ndinazimitsa injini, ndinawagwira mkono, tinayamba kukwera masitepe. Chapakati anaima kuti apume, ndipo analankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Akamwini, Loweruka lililonse ndinkasiya kumwa madzi masana, kuti Lamlungu ndisakuchititseni manyazi. Mapiritsi okodzetsa aja a kuthamanga kwa magazi ndinkawataya m'chimbudzi."

Mapiritsi amenewo ndiwo ankawateteza ku sitiroko yachiwiri.

"Tsiku loti ndidzinyowetsedi lidzafika ndithu," anapitiriza. "Thupi ili silikubwerera m'mbuyo. Likadzafika mudzandiuze pamaso, inuyo. Ulemu wanuwu unatsala pang'ono kundikweza basi."

"Ndamva, bambo."

Hitayo makaniko uja anangoilambalala, n'kulumikiza mapaipi ake awiri kunja, ndipo madzi sanathenso. Apongozi anakhala nafe zaka zina zingapo, akupukuta nsapato zawo ndi kunyoza kaphikidwe kanga. Tsiku lija linafikadi mu 2014, m'mawa wina, pampando wa pabalaza. Ndinadikira mkazi wanga atuluke, ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwauza. Ndinawauza pamaso kuti adzinyowetsa. Anandigwira paphewa n'kunena kuti zikomo, kenako anandituma madzi ofunda ndi thalauza lina.