Ngolo ya achimwene ndi bedi la alamu

Achimwene anga a Pandharinath Bhangale anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, koma musaganize kuti ankayendetsa sitima. Kuno ku Bhusawal aliyense ali ndi mbale wake woyendetsa sitima, ndipo onsewo amayenda modzitukumula ngati njanjiyo anayala ndi agogo awo. Athuwa ntchito yawo inali yoperekeza katundu wopitirira muyeso. Fakitale ikapanga chithilansifoma cha magetsi chachikulu ngati nyumba, ankachikweza pa ngolo yapadera, yaitali, ya mawilo osawerengeka kutsogolo ndi kumbuyo. Pakati pake panali potsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza njanji, kuti katunduyo asatalike kwambiri. Achimwene ankakhala m'kabogi ka kumbuyo ndi ndodo yoyezera. Akafika pa mlatho kapena pa denga la siteshoni, ankatsika, kuyeza, kenako n'kumayenda pansi pambali pa ngoloyo ikukwawa.

Ndikati kukwawa ndikunena kukwawa kwenikweni. Ngolo za ng'ombe zinkawapitirira, eni ake akuwafunsa ngati akufuna kukokedwa. Ankachoka pakhomo mango akuchita maluwa n'kubwera ife titayamba kudya. Ana analera ndi alamu anga a Nalini okha, ndipo munthu akawafunsa kuti amuna awo ali kuti, ankangoti, "Ali m'njira. Anabadwa ali m'njira amenewo."

Ulemu wawo wonse achimwene unali pa chinthu chimodzi. Ankati katundu wawo sanakandikepo ndi kamodzi komwe, ndipo sanatsitsidwepo panjira. Denga likatsika amachotsa denga, chikwangwani chikapinga amazula chikwangwani, koma katundu sakhudzidwa. Tinazimva zimenezi pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse, mpaka tinkazimaliza tokha iwo asanatsirize.

Atapuma ntchito tinkati tipumako nafenso. Kaya tinalakwira yani. Munthu uja anatola zitini za mafuta ophikira, masipoko a njinga ndi mota ya waipa ya galimoto, n'kuyamba kupanga ngolo yake yomwe ija, koma yaing'ono, yotalika ngati benchi. Anaipanga bwino, izi sindinganame. Msana wopindika uja unalipo, timawilo tonse tinkazungulira, ndipo pokhota inkapindika ngati bongololo. Vuto linali njanji yake. Inkayambira pakhonde, kulowa pakhomo, kutsata khoma, kudutsa pansi pa bedi lachitsulo la m'chipinda chochezera, n'kukathera pa guwa la mapemphero pangodya. Nyumba yake yaing'ono ngati bokosi la machesi, koma ili ndi njanji.

Mmawa uliwonse ankanyamula katundu. Lero mwala woperera, mawa thumba la anyezi, mkuja ndowa yodzaza madzi, ndipo dontho silinkatayika. Ine ndimakhala khomo loyandikana nawo, choncho phokoso lonse ndinkalimva, la sitima ndi la alamu.

"Inu," ankatero alamu, poti kwathu kuno mkazi satchula dzina la mwamuna wake, "ndisese bwanji muno? Tsache likukodwa m'zidole zanuzi."

"Si chidole ichi, mayi. Ndi ngolo."

"Ngolo ya nyerere."

Zinafika pachimake chikondwerero cha Ganapati chitayandikira, pamene banja lililonse limalowetsa m'nyumba fano la dothi la mulungu wathuyu, wa mutu wa njovu, amene timati ndi wochotsa zopinga. Alamu ankafuna m'nyumba muyere alendo asanabwere, ndipo anati zitsulo zonse zipite kwa ogula zitsulo zakale. Achimwene anayambanso nyimbo yawo ija yoti si chidole. Apo alamu anaika chikho cha tiyi pansi.

"Chabwino. Ngati si chidole, chinyamule Ganapati chaka chino, kuchokera pakhonde mpaka pa guwa. Dzanja la munthu likangomukhudza panjira, mawa lake njanji ituluke muno. Akafika yekha, ndidzasesa molambalala mpaka kufa."

Alamu ankayesa kuti mwamuna wawo achita mantha. Ganapati wa dothi akathyoka ngakhale nsonga ya chitamba, banja lonse limakhala ndi nkhawa chaka chathunthu. Koma achimwene anangofunsa kuti, "Ndi chisoti chomwe kapena wopanda?" Ine ndinaseka mpaka tiyi kundipalira, ndipo ndinavomera kukhala mboni.

Kwa woumba anapita ndi ndodo yoyezera. Anthu ena amasankha Ganapati poyang'ana nkhope ndi maso ake, athuwa ankayeza kutalika ndi kukula kwa makutu. Woumbayo anandinong'oneza kuti, "Mayi, abale anuwa akufuna mulungu kapena kabati?" Kunyumba anayeza chitseko, anayeza pokhota, anagona chafufumimba n'kuyeza pansi pa bedi. Panatsala mpata wa zala zitatu. Anapanganso kangolo kotsogola konyamula waya wotalika ndendende ngati Ganapatiyo ndi chisoti chake, monga ankachitira kuntchito, kuti chopinga chiyambe chakhudza waya.

Tsikulo mmawa nyumba inadzaza. Fungo la lubani ndi timikate ta kokonati linali tho, ana a m'mudadada wonse atatsekereza mazenera. Wansembe wathu, a Puranik, anabwera atakwinya nkhope, akuti m'mabuku mulibe zoti mulungu amakwera sitima. Koma mulibenso zoti sakwera, choncho anakhala pansi. Mipando yonse inapita kwa alendo, enafe tinakhala pamphasa. Alamu maondo awo anatha kalekale, pansi sangakhale, kuimirira nthawi yaitali sangathe. Anakhala pa bedi, pakatikati, atavala nsalu yawo yobiriwira yatsopano.

Achimwene anavala malaya awo akale a kuntchito, omwe mabatani ake amalira chifundo, naliza wenzulo. Sitima inanyamuka. Ganapati anakhala pamsana pa ngolo atamangidwa ndi tizingwe tofiira, nkhata ya maluwa ili m'khosi, akugwedezeka pang'ono ngati mkulu woti wakhuta. Analowa pakhomo anthu akuimba ndi kuomba m'manja. Anakhota pangodya bwinobwino. Kunena zoona, ine mtima unandidzadza. Ndinali ndisanaonepo ntchito ya mlongo wanga ndi maso, ndinkangoimva pakamwa.

Atafika pa bedi, waya wotsogola uja unakhudza n'kupindika. Achimwene anazimitsa mota nthawi yomweyo. Nyimbo inafera m'khosi.

"Eee, wochotsa zopinga uja wapingidwa," anatero a Puranik, ndipo anthu anaseka.

Achimwene anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi. Ine ndinali pamphasa chapafupi, choncho ndinaona zomwe anaona. Bedi lija ndi lachitsulo m'mbali mokha, pogonera pake ndi malamba olukana, ndipo malambawo anali atatsika ngati mimba ya ng'ombe. Munthu wa njanji anayeza mlatho wake popanda wokhalapo. Alamu anga, Mulungu awasunge, si munthu wochepa thupi, ndipo nkhani imeneyi siitchulidwa m'banja mwathu. Mpongozi wina anangoyerekeza kunena za kuchepetsa shuga, mpaka lero amapatsidwa tiyi wozizira.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa alamu ali pamwambapo. "Ngolo ya boma yatopa?"

Achimwene anagwira njakata. Kunali kungonena kuti, "Tadzukani pang'ono," basi, sitima ikanadutsa. Koma m'nyumbamo munali akazi a m'mudadada wonse, kuphatikizapo mayi Kolhe, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo mmawa, masana imakhala ili kumsika. Akanati mayi a kwa Bhangale anatsekereza mulungu njira ndi kulemera kwawo, ndipo dzinalo likanawatsata alamu mpaka kumanda. Ndinawaona achimwene thukuta lili kamukamu, akuyang'ana malamba aja, akuyang'ana njanji yawo.

Kenako achimwenewo anadzuka pang'onopang'ono n'kupukuta manja pa malaya.

"Ndinalakwitsa muyeso," anatero. "Ndakalamba. A Puranik, ndimunyamula pamanja, nthawi yabwino ingatipite."

Mawu amenewo kutuluka m'kamwa mwa munthu ameneyu. Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ndekha. Anandiyang'ana diso lomwe ankandiyang'ana nalo tili ana, ndipo ndinatseka. Anawerama n'kuyamba kumasula kachingwe koyamba.

Alamu anayang'ana mwamuna wawo. Kenako anayang'ana ine, n'kuona kumene maso anga analoza. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Inu, tasiyani kaye. Simunamukhudzetu," anatero. "Komanso ndi mwambo wa kuti umenewu, mlendo wamkulu akulowa, mwini nyumba ali tsonga pa bedi? Sindhu, tandigwira dzanja."

Ndinawadzutsa. Maondo analira, malamba anabwerera m'mwamba, ndipo palibe amene anaona kupatula atatufe.

"Tayesaninso. Mwina wayayo ndi amene wapindika," anatero alamu.

Achimwene anaongola waya womwe unalibe mlandu n'kuyatsa mota. Ganapati analowa pansi pa bedi, chisoti n'kudutsa osakhudza kanthu. Nyimbo inayambiranso. Koma liwiro la achimwene mukulidziwa. Sitima inkakwawa mumdima muja, ndipo alamu anaima chiimire, atanditsamira paphewa, zala zawo zikundiboola mnofu chifukwa cha ululu wa maondo. Ndinawauza motsitsa kuti akhale pampando wina. Anakana.

Chitamba chitatulukira mbali inayo, alamu anaweramira kukhutu kwanga.

"Ukadzangowauza achimwene akowa kuti ndinadziwa, Sindhu, ndidzakudula lilime."